Banja likafika posiyana: zoti muchite pa nkhani ya khoti, katundu, ngongole ndi ana

Ine si loya ayi, ndine mlimi wa kuno ku Kasungu amene unkhoswe udandigwera kawiri konse ndipo kawiri konseko mabanjawo adakathera kukhoti, koyamba linali la mlongo wanga, kachiwiri la mwana wa achimwene. Ndiye mabenchi a pakhoti ndawakhalira mokwanira, mpaka ndidayamba kudziwa kuti amene akulira potuluka nthawi zambiri si wolakwa, ndi uja adabwera manja lendelende opanda pepala ngakhale limodzi. Zimene ndilembe apa ndi zimene ndikadakonda wina akadatiuza tisanayambe, ndipo ndikulembera onse, azibambo ndi azimayi, poti kuluza kulibe mtundu.

Poyambira penipeni ndi chitetezo. Ngati mnyumbamo muli zibakera, zikwanje, kuopsezana kuti ndikupha, musayambe ndi zowerengera mbuzi, tulukani kaye ndi ana. Pitani ku Victim Support Unit kupolisi, ngati mwavulala mupitenso kuchipatala akulembereni lipoti, pepala limenelo lidzayankhula kukhoti mabala atapola kale. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kupereka chiletso choti wankhanzayo asakuyandikireni, ndipo limathanso kulamula kuti iye ndi amene atuluke mnyumba inu mukhale ndi ana, olo banja lisanathe. Anthu ambiri sadziwa zimenezi, amangoganiza kuti wothawa ndi mkazi basi. Azibambo omenyedwa aliponso, amangochita manyazi, koma khomo ndi lomwelo.

Ngati zachitetezo zili bwino, chotsatira dziwani kaye kuti ukwati wanu ndi wamtundu wanji chifukwa ndi umene ukuuzeni khoti lopita. Lamulo la ukwati ndi kutha kwa ukwati la 2015 limazindikira mitundu inayi: wa kwa DC, wachikhalidwe uja wa chinkhoswe, wachipembedzo, ndi uja wongolowana anthu nkukhala limodzi nthawi yaitali mpaka mudzi wonse nkumawatenga ngati banja. Wa chinkhoswe, olo udakadalitsidwa kutchalitchi, kawirikawiri umathera kwa majisitireti konkuno. Wa kwa DC umapita ku High Court, kwa ife ndiye kuti Lilongwe, kuli nthambi yoona za mabanja ndi chuma chamasiye. Musavutike ndi kulota, tengani setifiketi yanu mukamuonetse kalaliki wa pakhoti akuuzani pomwepo ngati nkhani yanu ili yapompo kapena ya ku Lilongwe.

Ongolowana inu mvetserani apa. Si zoona zija amakuuzani kuti poti panalibe ankhoswe ndiye mulibe chanu. Khoti likhoza kunena kuti linali banja, koma lamulo la 2015 limafuna kuti mukhale mutakhala limodzi zaka zosachepera 5, ndipo amayang'ananso ngati mumakhaladi nyumba imodzi, ngati chuma mumayendetsera limodzi, ngati pali ana, ndi mmene anthu amakuonerani. Ndiye ntchito yanu imakhala iwiri, kutsimikizira kaye kuti banja lidalipo kenako nkumakamba zogawana. Apa mboni zabwino ndi a nyakwawa, alandilodi, aneba, anthu amene amakuitanani kuti akazi a uje kwa zaka zonsezi. Koma olo zaka zisanakwane 5, thandizo la ana lilipobe, mwana sadikira ukwati kuti adye. Ndipo amene mudakwatirana 2015 isanafike, zina pamlandu wanu amaziweruza potsata malamulo akale ndi mwambo, koma Konsitichushoni ndi ya aliyense.

Tsopano ankhoswe. Musawadumphe, majisitireti pa ukwati wachikhalidwe amafunsa kuti ankhoswe ali kuti ndipo adayesapo chiyani, mukapita opanda iwo mukhoza kubwezedwa nkuluza thiransipoti yaulere. Akhale pansi a mbali zonse, ayese, zikakanika anene poyera kuti zatikanika. Koma pali cholakwika chimodzi chimene ndimachiona mmidzi monsemu kuyambira ku Santhe mpaka ku Chamama, anthu akasudzulana pamaso pa ankhoswe kapena kwa amfumu amati basi zatha, aliyense ayende yake. Zathadi mumtima, koma pepala la khoti palibe. Ndiye pakapita zaka zitatu bambo uja wagulitsa ng'ombe zonse, wakwatira wina, ana sakuwathandiza, mayi alibe pogwira chifukwa zimene adagwirizana pansi pa mtengo wa mango palibe adalemba. Kapena mbali inayo, bambo wamwalira, mkazi amene adasiyana naye kalekale akubwera kuti ine ndine mkazi wake ukwati sudathe, ndipo pa lamulo la chuma chamasiye la 2011 mkazi kapena mwamuna wa malemu ali ndi gawo, nde mkangano pamaliro. Amene adamanga wa kwa DC ndiye asayerekeze nkomwe kukwatira kwina khoti lisanathetse woyambawo, umenewo ndi mlandu. Ngati mwagwirizana mwamtendere pamudzi ndi bwino kwambiri, zilembeni, asaine onse ndi ankhoswe, kenako mupite nazo kukhoti zikasanduke chigamulo.

Gawo lotsatirali ndi limene ndikhalitsepo chifukwa milandu yambiri imaluzidwa pano, khoti lisanayambe nkomwe. Musanalengeze kuti ndikukasuma, sonkhanitsani umboni mwakachetechete. Tengani kope la ana asukulu mulembe chilichonse chimene chili pakhomopo: nyumba, puloti, ngolo, ng'ombe zingati, mbuzi, nkhumba, njinga yamoto ya kabaza, chigayo, sola, malata amene mudagula koma simudakhome, matumba a chimanga, soya ndi mtedza amene ali mnyumba, mbewu zimene zili kumunda. Pambali pa chilichonse lembani chaka chimene chidabwera, ndalama yake idachokera kuti, ndani adaona. Jambulani ndi foni, zithunzizo mutumize kwa mbale wanu wodalirika pa WhatsApp poti foni imasweka pa ndewu, ndipo mwa mlongo wanga idaswekadi. Mapepala ofunika ndi setifiketi yaukwati, ziphaso zobadwira za ana zochokera ku NRB, mabuku akuchipatala, kalata yogulira puloti ija adasainira amfumu kapena akhonsolo, bulubuku ya galimoto, malisiti a simenti ndi malata, kabuku ka banki mkhonde, mameseji a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza ndalama zimene mudatumiza. Ngati simungathe kutenga enieniwo, fotokope kapena chithunzi ndi bwino kuposa mawu apakamwa.

Kuno kwathu nkhani yaikulu ndi fodya. Banja lonse lagwira kuyambira ku nazale, kuokera, kuthyola, kusoka, kupachika mchigafa, kusankha, mayi msana kuwawa, koma laisensi ili m'dzina la bambo ndipo ndalama za kumsika wa fodya wa ku Chinkhoma zimagwera mu akaunti ya bambo. Ndipo mwaonapo inu kuti mabanja ambiri amagwedezeka nthawi iti? Msika ukatsegulidwa cha mu Epulo umu, ndalama zikayamba kulowa, ndi pamene bambo amazindikira mwadzidzidzi kuti mkazi wake ndi wamwano. Ndiye mayi ngati mukuona kumene zikulowera, werengani mabelo asanachoke pakhomo, lembani tsiku ndi amene adanyamula, ndipo pepala la ku okushoni lija losonyeza mabelo angati agulidwa pa mtengo wanji mulijambule likangofika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, uja mukuti adzandigawira akatapa kubanki ngwamphepo. Kukhoti mukanene kuti pali ndalama za fodya wa chaka chino amene tidalima limodzi, khoti likhoza kuitanitsa mapepala a kubanki, koma silingafunse chinthu chimene simudalitchulire.

Chenjezo kwa mbali zonse: musabise kapena kugulitsa katundu mothamanga. Zija zokasungitsa ng'ombe kwa achimwene ku Nkhamenya usiku, kapena mayi kusesa mnyumba monse bambo ali kumunda, zikaululika kukhoti majisitireti amasiya kukukhulupirirani olo pa zinthu zimene mukunena zoona. Ndipo ngati mnzanuyo ndi amene wayamba kutsatsa puloti kapena galimoto, thamangani kukhoti mukapemphe chiletso kuti chisagulitsidwe chilichonse mpaka mlandu utatha, chifukwa kulondola chinthu chimene chagulidwa kale ndi munthu wina ndi ntchito yowawa.

Mukakonzeka ndiye kukasuma. Kwa majisitireti mumapita kwa kalaliki, kufotokoza, kulipira kandalama kotsegulira mlandu, mutenge lisiti, ndipo mnzanuyo amalandira chisamani chomuuza tsiku. Loya sachita kufunika nthawi zonse kwa majisitireti, ambiri amadziyankhulira okha m'Chichewa, koma ngati pali nyumba ya mtauni, esiteti ya lizi, bizinesi, kapena winayo wabwera ndi loya wake, musalimbe mtima nokha. Legal Aid Bureau ndi ya boma ndipo ntchito yake ndi kuthandiza amene sangakwanitse loya wolipira, funsani pakhoti pomwepo akulozerani ofesi yawo, kulinso a Women Lawyers Association amene amathandiza azimayi ndi ana. Dziwaninso kuti majisitireti ali ndi malire, nkhani ikafika pokangana kuti malo ndi a ndani kapena katundu ndi wandalama zambiri, akhoza kuthetsa ukwati koma zakatunduzo nkuzitumiza ku High Court. Musadabwe, si kuti wina wadyetsa ayi.

Chimene khoti limafuna kuona ndi choti banjali lafika poti silingakonzekenso. Chigololo, nkhanza, kuthawa pakhomo nthawi yaitali, zonsezi zimalowa ngati zifukwa zosonyeza zimenezo. Apa langizo langa ndi loti nenani zochitika ndi masiku ake, osati mkwiyo. Kunena kuti bamboyu ndi galu sikuthandiza, koma kunena kuti mwezi wakuti adandimenya, lipoti lachipatala ndi ili, ankhoswe adakhalapo kawiri ndipo ali panjapa, pamenepo mwayankhula. Pa maukwati achikhalidwe khoti limathanso kulamula amene wapasula banja kuti apereke chipukuta misozi, koma musachiwerengere ngati chuma, nthawi zambiri sichikhala ndalama yoti nkuyambira moyo. Milandu imayimitsidwaimitsidwa, lero majisitireti kulibe, mawa winayo sadabwere, ndiye sungani ya thiransipoti yokwanira maulendo angapo ndi ya ankhoswe omwe, ndipo inu musajombe olo tsiku limodzi chifukwa mlandu ukhoza kuchotsedwa kapena kugamulidwa inu kulibe.

Tifike pogawana katundu pamene pamathera chibale. Gawo 24 la Konsitichushoni limanena kuti ukwati ukatha mkazi ayenera kulandira gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri, komanso thandizo loyenera poyang'ana mmene mwamunayo amapezera ndi zosowa za ana. Mawu ake ndi akuti mwachilungamo, sakuti pakati ndi pakati nthawi zonse, ndiye amene amabwera akuimba kuti hafu hafu akhoza kukhumudwa, chimodzimodzi bambo amene amati zonse nzanga poti ndimagwira ntchito ndine. Lamulo la 2015 limauza khoti kuti liyang'ane zimene aliyense amapeza, zosowa zake, msinkhu ndi thanzi, moyo umene banjalo limakhala, ndi zimene aliyense adathirapo, ndipo pamenepa lidachita kutchula ntchito zapakhomo. Kuphika, kulera, kutunga madzi a omanga nyumba, kuphikira aganyu, kudikirira wodwala kuchipatala, zonsezo ndi kuthirapo. Azimayi ambiri akafunsidwa kuti inu mudaikapo chiyani pa nyumbayi amayankha kuti palibe ine sindimagwira ntchito, ine mtima umandipweteka ndikamva zimenezo, pamene njerwa adaumba nawo ndipo mtedza wawo ndi umene udagula zitseko. Nenani zonse mwatsatanetsatane ngati mukuwerengera mwana.

Dzina limene lili pa pepala si mapeto a nkhani, koma limalemera, ndiye ngati puloti ili m'dzina la mmodzi winayo akonzeke kusonyeza kuti cholinga chinali choti ikhale ya banja. Katundu amene munthu adabwera naye m'banja, kapena wamasiye wochokera kwa makolo ake, kawirikawiri amatsala kwa mwini wake, pokhapokha winayo asonyeze kuti adawonjezerapo kanthu, mwachitsanzo nyumba idali yaudzu inu nkuikhoma malata ndi kuika simenti. Olo sukulu imene: mu 2020 High Court idagamula kuti mayi amene adavutikira mwamuna wake mpaka kumaliza maphunziro apamwamba, kenako nkusiyidwa, ayenera kulipidwa chifukwa cha zimene adathira pa maphunzirowo. Ndiye amene mudagulitsa mandasi kuti bambo amalize kozi, musaiwale kutchula.

Malo amakolo ndi nkhani ina. Munda wa mbumba sugawidwa ngati mipando chifukwa si wa awiriwo. Mkamwini banja likatha amasiya munda ndi nyumba kwawo kwa mkazi, mtengwa nayenso amasiya za kwawo kwa mwamuna, ndipo apa ndi pamene anthu amalira kwambiri poti munthu wathira thukuta zaka 20 pamalo poti sangapanyamule. Chimene mungapemphe ndi mtengo wa zimene mudaikapo, nyumba, mitengo imene mudadzala, chitsime, ndi gawo la mbewu zimene zili mmunda chaka chimenecho. Pa mwambo wathu wa Achewa mwamuna amayenera kumangira mkazi nyumba kwawo kwa mkaziyo, ndipo makhoti akhala akulamula zimenezi banja likatha, kumanga kapena kupereka ndalama yokwanira kumangira. Azimayi a chitengwa ichi musachisiye, ndipo pemphani kuti chigamulo chinene nyumba yamtundu wanji, pofika liti, kapena ndalama zingati, chifukwa mukangoti adzamange nyumba mudzalandira kachisakasa koti mbuzi ikana kulowamo. Kumpoto kwa boma lino, mbali za kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba kumene ambiri amalowola, nkhani imene imabuka ndi ya malowolo, kuti ng'ombe zibwerere kapena ayi, zimenezo zimatengera mwambo wakumeneko, amene walakwa, ndi ngati pali ana, ndiye bwerani ndi akuluakulu odziwa mwambowo adzafotokoze okha.

Ngongole anthu amaziiwala dala koma nazonso zimagawidwa, ndipo izi zimaluma msanga kuposa zonse. Lembani zonse: ya banki mkhonde, ya NEEF, ya feteleza wa kukampani ya fodya, ya katapila, ya kugolosale. Chofunika kumvetsa ndi ichi, wokongoza amatsata amene adasaina. Mayi ngati mudatenga ndalama ku banki mkhonde m'dzina lanu kuti bambo agulire njinga ya kabaza, gulu lidzabwera kudzazula malata kwa inu osati kwa iye, olo njingayo akukwezapo mkazi watsopano. Ndiye kukhoti itchuleni ngongoleyo pamodzi ndi chinthu chimene idagula, kuti amene atenge njinga atengenso ngongole yake, kapena njinga igulitsidwe ngongole ithe. Ngati mudasainira mnzanu ngati mboni yomuimira pa ngongole, kapena katundu wa banja adaikidwa chikole, pitani kwa okongozawo mukawauze mmene zilili ndipo musasainenso kanthu kena katsopano. Ngongole imene wina adatenga mobisa nkukathera ku bala kapena kwa chibwenzi, nenani kuti sidali ya banja ndipo mufunse kuti asonyeze chimene idagula pakhomo.

Ana tsopano. Apa ndiyankhula mosapsatira chifukwa ifenso ankhoswe timalakwitsa, timayamba kukoka ana ngati ndi mbuzi za chiwongo. Khoti siliyang'ana kuti kuno ndi kwa chikamwini ana ndi a kwa amalume, kapena kuti ndidalowola ana ndi anga, limayang'ana ubwino wa mwanayo, ndi zimene Konsitichushoni ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 amanena. Ana aang'ono kwambiri kawirikawiri amatsala ndi mayi, koma si lamulo losasinthika, ngati mayi ndi chidakwa kapena amawazunza bambo akhoza kupatsidwa, ndipo mwana wamkulu amafunsidwa maganizo ake. Kukhala ndi ndalama zambiri sikupatsa munthu ana, wandalamayo amangouzidwa kuti azithandiza. A ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuboma amatha kutumidwa kudzaona pakhomo, alandireni bwino. Amene sakukhala ndi ana ali ndi ufulu wowaona, ndiye pemphani kuti zilembedwe bwinobwino, holide iti ali kuti, amakawatenga ndani, thiransipoti alipira ndani, chifukwa mawu oti aziwaona nthawi ina iliyonse ndi amene amabweretsa ndewu pa Khirisimasi.

Thandizo la ana ndi udindo wa makolo onse awiri mpaka mwana atakula, mwana pa malamulo athu ndi wosakwana zaka 18, ndipo ngati akadali pasukulu mukhoza kupempha kuti lipitirire. Musapite kukhoti ndi mawu oti azindithandiza basi, pitani ndi masamu: chimanga pamwezi, ndiwo, sopo, yunifolomu, makope, fizi, mayeso, kuchipatala, lendi ngati muli pa lendi. Ndipo ganizirani mmene winayo amapezera ndalama. Wapantchito yolipidwa pamwezi, pemphani kuti izidulidwa kumalipiro. Mlimi amene amaona ndalama kamodzi pachaka kumulamula kuti azipereka mwezi ndi mwezi ndi kudzinamiza, mu Januwale alibe olo ya mchere, bola kugwirizana kuti pokolola matumba akuti a chimanga, fodya kapena soya akagulitsidwa ndalama yakuti ya fizi ya chaka chonse. Kwa mlongo wanga tidachita zimenezi titaluza chaka chathunthu tikulondola ndalama ya pamwezi imene simabwera.

Ndalama imene khoti lalamula si ya muyaya. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye amene adalamulidwa ndalama ina yake zisanachitike izi, lero ndalama imeneyo sigula zimene inkagula. Mukhoza kubwerera kukhoti lomwelo kukapempha kuti ikwere, ndipo bambo amene ntchito yatha kapena wadwala akhozanso kukapempha kuti itsike, kusiyana ndi kungosiya kupereka nkumabisala. Azibambo, perekani kudzera pa foni kapena musainitse pakope nthawi iliyonse, ndipo meseji musafufute, ndaonapo bambo amene amaperekadi mokhulupirika pamanja koma kukhoti adaoneka ngati wothawa ana poti analibe chosonyeza. Komanso zija zoti sindipereka ndalama poti sakundionetsa ana, kapena sawaona ana poti sakupereka ndalama, khoti limaziona ngati nkhani ziwiri zosiyana, kadandauleni chimene chakuvutanicho osati kubwezera pa mwana.

Tsiku la chigamulo mvetserani bwino, pamene simudamve funsani pomwepo, ndipo musachoke osadziwa kuti pepala lake mudzatenga liti. Litengeni, lichititseni fotokope kangapo, lina likakhale kwa ankhoswe. Ngati simukukhutira muli ndi ufulu wochita apilo ku High Court koma masiku ake ndi owerengeka, funsani kalaliki tsiku lomwelo kuti muli ndi masiku angati, osati kupita kaye kumudzi kukalira mwezi wathunthu. Winayo akapanda kutsata chigamulo musatume anyamata kukalanda katundu, mudzasanduka wolakwa ndinu, bwererani kukhoti, iwo ali ndi njira zawo, kumuitanitsa, kutumiza masherifu kukagwira katundu, ngakhale kumulanga chifukwa chonyoza khoti. Pogawana katundu weniweniyo pakhale ankhoswe a mbali zonse kapena amfumu, chilichonse chotuluka chichongedwe pa pepala, ndipo onse asaine.

Zakutchalitchi ndi zina, khoti likathetsa ukwati sikuti mpingo nawo wathetsa, Akatolika ali ndi malamulo awo, a CCAP ali ndi awo, zimenezo kakambeni ndi abusa kapena ansembe anu padera.

Zotsala ndi zing'onozing'ono koma zimapweteka mukaziiwala. Sinthani PIN ya Airtel Money, ya Mpamba ndi ya khadi yakubanki tsiku lomwelo, ndipo ngati simukhadi imene mumagwiritsa ntchito idalembetsedwa ndi chiphaso cha mnzanuyo, chotsanimo ndalama mulembetse yanu. Akaunti ya awiri ikatsekedwe kapena isinthidwe potsata chigamulo. Puloti, galimoto kapena njinga yamoto imene mwapatsidwa isinthidwe dzina msanga akadali wofewa mtima kusaina, mukadikira adzakhala atasamukira ku Joni kapena ku Chipata. Apantchito pitani kwa abwana oona za antchito mukaonenso fomu ya penshoni ndi ya inshulansi ija mudalemba anthu odzalandira mukadzamwalira, muikepo ana ndi munthu amene mukumukhulupirira kuti adzawasungira, ndipo ngati mudalemba wilo ilembedwenso. Mayi amene mupitirize ulimi wa fodya panokha kalembetseni dzina lanu ku Tobacco Commission ndi kutsegula akaunti yanu nyengo yolembetsa isanatseke, musagulitsirenso pa nambala ya bambo uja olo atakulonjezani kuti adzakupatsani zonse. Kusukulu kwa ana kawauzeni aphunzitsi aakulu amene akukhala ndi anawo tsopano, musiye nambala ya foni yoti aziimba mwana akadwala.